Majeke a kalavani ya fifth wheel akakana kugwira ntchito: muyambire pati musanagule chipangizo chatsopano

Chiyambireni kukonza makalavani kuno kumpoto kwa Indiana, funso limene ndalilandira kambirimbiri, makamaka madzulo a Lachisanu m'miyezi yotentha pamene anthu angofika pamalo ogona ndipo pikapu yakanirira pansi pa kalavani, ndi lakuti: "Majeke aima, kodi ndigule mota yatsopano kapena bokosi lonse lolamulira?" Yankho langa silisintha. Musagule kalikonse musanayeze magetsi pa nthawi imene majekewo akukoka mphamvu, chifukwa pa makalavani ambiri amene amabwera kwa ine mota imakhala yabwinobwino, bokosinso labwinobwino, koma magetsi ofika kumeneko ndi ochepa. Ndatopa kubwereza zimenezi pafoni, choncho ndazilemba kamodzi kuti amene wafunsa ndizingomutumizira.

Poyamba timvane mawu. Fifth wheel ndi kalavani imene mutu wake umakwera pamwamba pa bodi ya pikapu, ndipo chitsulo chake chonenepa chotchedwa kingpin chimalowa m'chimbale chomangidwa m'bodimo, monga mmene ngolo za mathiraki ochokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam zimalumikizirana ndi mutu wokoka. Dzinali linachokera ku ngolo zakale zokokedwa ndi akavalo, zimene zinali ndi gudumu lachisanu logona chafufumimba pamwamba pa magudumu akutsogolo kuti zizitha kukhota. Pikapu ikachoka, kulemera kwa mutu wa kalavani kumatsalira pa miyendo iwiri yakutsogolo imene kuno amaitcha landing gear. Kumbuyo kwa matayala kuli majeke ena awiri, ndipo pa makalavani aatali pamakhala enanso awiri pakati, kotero mumamva anthu akunena za majeke 4 kapena majeke 6. Onsewa amamvera bokosi lolamulira, limene limadziwa kupendekeka kwa kalavani kudzera m'masensa, ndipo inu mumalankhula nalo pogwiritsa ntchito kabokosi ka mabatani kamene kamakhala m'chipinda chosungiramo katundu chakutsogolo.

Majekewa alipo a mitundu iwiri. Pali amagetsi, amene jeke iliyonse ili ndi mota yakeyake, ndipo pali a oyilo, amene onse amakankhidwa ndi pampu imodzi. Kuti mudziwe mtundu wanu, tsegulani chipinda chakutsogolo: mukaona thanki yapulasitiki yokhala ndi oyilo wofiira ndi mapaipi akuda otuluka pambali pake, anuwo ndi a oyilo. Makina amene ndimakumana nawo kawirikawiri ndi a kampani ya Lippert ya ku Elkhart, tauni imene makalavani ambiri a ku America amapangidwa m'dera lake. Amagetsi amatchedwa Ground Control 3.0 ndipo a oyilo amatchedwa Level Up. Palinso a Equalizer Systems ndi a Bigfoot. Mabatani ndi mauthenga amasiyana, koma kafufuzidwe ka vuto n'kamodzimodzi.

1. Tchingani kalavani musanakhudze batani lililonse

Kalavani ilibe buleki yamanja ngati ya galimoto. Ikamasulidwa ku pikapu, chimene chimaigwira kuti isagubuduke ndi zotchingira matayala zokha, choncho ikani zotchingirazo kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala a mbali zonse ziwiri. Ngati pikapu idakali pafupi ndipo miyendo yakutsogolo ikuyendabe ngakhale pang'ono, bwezerani kalavani pa chimbale chake ndi kutseka loko, chifukwa zina mwa zimene muchite m'munsimu zimakweza miyendo yonse nthawi imodzi, ndipo mutu wolemera tani imodzi kapena kuposerapo ukagwera pa bodi ya pikapu, kapena pa munthu, palibe chobwezera. Musalowe pansi pa kalavani imene yatsamira pa majeke okha. Majekewa anapangidwa kuti azilinganiza ndi kuletsa kugwedezeka, osati kunyamula kalavani posintha tayala.

Anthu ena amasolola pini ya swichi yadzidzidzi ya mabuleki, imene imatchedwa breakaway, kuti igwire ntchito ya buleki yamanja. Musatero. Swichi imeneyi imatumiza magetsi a batire ku mabuleki onse mosalekeza, imatenthetsa maginito a m'mabulekimo, ndipo pakapita nthawi yochepa batire limene majeke akulidalira limakhala lafooka. Onaninso kuti piniyo sinasololoke yokha pokhota.

2. Werengani uthenga ndipo mvetserani phokoso

Musanazimitse ndi kuyatsanso, jambulani ndi foni zimene zalembedwa pa sikirini, chifukwa mauthenga ena amafufutika mukangodina batani. "Low Voltage" ikutanthauza kuti magetsi anatsika kupitirira malire amene bokosi limalola, amene m'makina ena ndi mavolti 10.8. "Excess Angle" ikunena kuti kalavani yapendekeka koposa mmene makina angaiwongolere. "Jack Time Out" ikunena kuti jeke yayenda nthawi yaitali osafika pamene imayembekezeka. "External Sensor" ikuloza ku sensa yakumbuyo kapena waya wake. Uthenga wotchula jeke imodzi, monga LF kapena RR, ukunena za malo: L ndi kumanzere, R woyamba ndi kumanja, F ndi kutsogolo, M ndi pakati, ndipo R wachiwiri ndi kumbuyo.

Dziwani kuti uthenga umanena zimene bokosi linaona, osati chimene chinayambitsa. Batire lofooka limatha kubala uthenga wa jeke imodzi, wa nthawi yotha, ngakhale wa sensa. N'chifukwa chake makutu ndi ofunika. Mukadina batani n'kumva kuti "thi" kamodzi koma mota osazungulira, magetsi akufika pa swichi koma akulephera kupitirira. Mota ikayamba mwamphamvu kenaka n'kumalira mofooka, sikirini n'kuzima ndi kuyakanso, ndiye kuti magetsi akuthera panjira. Mota ikamazungulira momasuka mwendo osasuntha, vuto lili m'magiya kapena mu oyilo. Kukakhala zii, sikirininso osayaka, yambani ndi swichi yodulira batire ndi mafyuzi.

3. Yezani batire likupuma

Zulani chingwe cha magetsi a pamalo ogona, zulaninso chingwe cha mapini 7 chopita ku pikapu, zimitsani zonse za m'kati, ndipo dikirani theka la ola. Ikani mita yanu yoyezera magetsi pa DC, kutanthauza magetsi a mtundu wa batire, ndi kuyeza pa mitu ya batire. Batire lamadzi lodzaza limaonetsa mavolti 12.6 kapena 12.7, likaonetsa 12.2 latsala pafupifupi theka. Likatsika pansi pa 12.0 silinganyamule kalavani. Batire la lithium lodzaza limapuma pa mavolti oposa 13.

Cholakwa chimene ndimachiona pafupifupi sabata iliyonse ndi kuyeza chingwe chili cholumikiza. Munthu amaona 13.6 n'kunena kuti batire lili bwino, pamene nambalayo ndi ya converter, chipangizo chimene chimasandutsa magetsi a m'nyumba kukhala a mavolti 12 ndi kutchaja batire. Converter siingathe kudyetsa yokha pampu ya oyilo kapena mamota angapo oyenda pamodzi. Majeke amadya kuchokera m'batire. Komabe nambalayi ili ndi ntchito yake: mukalumikizanso chingwe, magetsi a pa batire ayenera kukwera kupitirira 13, ndipo akapanda kukwera ndiye kuti batire silikutchajidwa, mwina chifukwa swichi yodulira batire ndi yozimitsa, kapena mafyuzi a pa converter anapsa tsiku limene wina analumikiza batire motembenuza.

Kutembenuzako kuli ndi chifukwa chake. Pa galimoto tinazolowera kuti waya wakuda ndi wa negative. Pa makalavani ambiri a ku America waya woyera ndiye wa negative, ndipo wakuda ndi wa positive. Musadalire mtundu, tsatirani waya ndi maso mpaka muone amene wamangidwa ku chitsulo cha felemu.

4. Yezani pamene majeke akukoka mphamvu

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodumpha, akangonena kuti "onani batire", chonsecho mayankho ambiri ali pano. Mpopi wotseka sungakuuzeni kuti paipi yadzaza matope. Mumadziwa mukatsegula n'kuona madzi akungodontha. Magetsi nawo ndi chimodzimodzi. Waya wodyeka ndi dzimbiri, wotsala ndi timawaya titatu tokha m'kati, amaonetsa 12.6 yokongola pa mita ngati palibe chimene chikukoka, koma mota ikafuna ma-amp 40, 60 kapena kuposa, nambalayo imagwa. Choncho muyenera kukhala awiri: wina adine batani lokweza mutu wa kalavani kwa masekondi 5, inu maso ali pa mita. Vulani mphete ndi wotchi, chifukwa sipanala kapena mphete ikagunda positive ndi felemu nthawi imodzi imafiira ngati khala.

Muyeso woyamba ndi wa pa mitu ya batire yeniyeniyo, pa mtovu, osati pa zomangira zake. Batire labwino limatsika pang'ono n'kukhazikika pamwamba pa mavolti 11. Likagwera cha m'ma 10 kapena pansi, batirelo latha kapena silinatchajidwe, ngakhale litaonetsa nambala yabwino likupuma. Litchajeni usiku wonse n'kuyezanso. Likabwereza khalidwe lomwelo, ligulidwe lina. M'nyengo yozizira ya kuno batire limapereka mphamvu yochepa pamene oyilo nayenso walimba, choncho batire limene linkakwanitsa mu Ogasiti limatha kukana mu Novembala. Pa batire la lithium nambala siitsika pang'onopang'ono, imangozimiratu, chifukwa kabokosi koteteza ka m'kati mwake kamadula magetsi mota ikapitirira malire a ma-amp amene batirelo limalola.

Muyeso wachiwiri ndi wa kumapeto kwa ulendo, pa mabawuti awiri aakulu pamene mawaya onenepa amalowa m'bokosi lolamulira kapena pa swichi ya pampu. Batani lidinidwenso. Ngati batire likusunga 11.9 koma kuno kukufika 10.6, ndiye kuti volti imodzi ndi zigawo zitatu zikutayika panjira, ndipo kugula batire latsopano sikungathandize.

Tsopano fufuzani pamene pakutayika. Njira yake ndi yoika nsonga ziwiri za mita pa mbali ziwiri za cholumikizira chimodzi, zonse pa waya yemweyo. Poyamba zimaoneka zachilendo kuyeza positive ndi positive, koma chimene mita ikuonetsa pamenepo ndi kuchuluka kwa magetsi amene cholumikiziracho chikudya. Ikani nsonga imodzi pa mtovu wa batire, ina pa chomangira chake: pasapitirire 0.1. Ikani pa mabawuti awiri a breaker, kachipangizo kodula magetsi akachuluka kamene kamakhala pakhoma pafupi ndi batire: pasapitirire 0.2. Chitaninso chimodzimodzi pa swichi yodulira batire. Waya yense wa positive, kuyambira pa batire mpaka pa bokosi, asadye koposa theka la volti. Nthawi iliyonse batani liyenera kukhala lodinidwa, apo ayi mita ionetsa 0 ndipo mudzinamiza nokha. Muzipumitsa mota pakati pa miyeso kuti isatenthe.

Mukatha mbali imeneyi musaiwale mbali ya earth, imene ndi theka la njira yonse ngakhale kuti anthu saiganizira. Nsonga imodzi ikhale pa negative ya batire, ina pa thupi la mota ya pampu kapena pa bawuti ya negative ya bokosi. Nambala ikapitirira 0.3, tsatirani waya wa negative mpaka pamene wamangidwa ku felemu. Malo amenewa nthawi zambiri amakhala pansi, poyera, pamene pamagwera madzi ndi mchere umene amawaza m'misewu ya kuno nthawi ya chipale chofewa. Ndinakonzapo kalavani ya bambo wina amene anali atagula kale mota ziwiri ndi bokosi lolamulira, vuto lili pa kabawuti kamodzi komangidwa pamwamba pa penti. Masulani negative pa batire poyamba, kenaka masulani bawutiyo, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani molimba, ndipo pakani girisi pamwamba pake mutamanga kale. Kokaninso waya aliyense pamene walowa m'chomangira chake. Akasuntha kapena mukaona ufa wobiriwira m'kati, dulani n'kuika chomangira chatsopano.

Za breaker pali zoti ndiwonjezere. Yambiri imadzibwezera yokha ikazizira, ndipo ndiyo imachititsa khalidwe loti majeke amayenda masekondi angapo, n'kuima, n'kuyambanso pakapita kanthawi. Ina ili ndi kabatani kakang'ono kakuda pambali, kovuta kukaona, kamene muyenera kukadina ndi chala. Breaker imene yadula kambirimbiri imafooka n'kuyamba kudula msanga. Eni makalavani a oyilo ambiri amachotsa ya ma-amp 50 n'kuika ya 80, ndipo zimathandizadi, koma pokhapokha ngati waya ndi wonenepa mokwanira, pakuti ntchito ya breaker ndi kuteteza wayayo kuti asapse. Pa kawerengedwe ka kuno ka AWG, nambala yaing'ono ndiyo waya wonenepa: 4 ndi wamkulu kuposa 6, ndipo 6 ndi wamkulu kuposa 8. Chizolowezi chathu chakumudzi cholumphitsa fyuzi ndi kawaya kapena msomali chisafike pano, chifukwa pamwamba pa chipinda cha batire chimenechi ndi pamene pali bedi lanu.

5. Onani malo amene mwaimika

Magetsi akakhala okwana, yang'anani pansi. Jeke iliyonse ili ndi malire a kutalika kwake, ndipo ikafika kumapeto kalavani isanalingane, makina amaima n'kudandaula. Ngati mbali imodzi ndi yotsika kwambiri, kwezani matayala a mbali imeneyo pa matabwa musanamasule pikapu, ndipo ikani matabwa ena otakata pansi pa majeke a mbali yomweyo. Mukasiya ntchito yonseyi kwa makina, amatha kunyamula matayala m'mwamba, zotchingira zija n'kukhala zopanda ntchito. Pa dothi lofewa jeke imamira pang'onopang'ono, ndipo anthu amaganiza kuti ikubwerera yokha.

Matabwa akachuluka nalonso ndi vuto, makamaka kutsogolo. Makina ambiri amayamba ndi kutsitsa mutu wa kalavani, ndipo ngati miyendo yakutsogolo mwaisolola kwambiri pa mapini ake kapena mwaiunjikira matabwa, mutuwo umasowa potsikira. Yambani kulinganiza mutu uli pamwamba pang'ono kuposa kumbuyo, monga mmene umakhalira mukangochotsa pikapu. Mukayamba uli wotsika, makina a Lippert sasunga kutalika kwa chimbale, ndipo tsiku lonyamuka mudzaona "Feature Disabled" mukawauza kuti abwezere mutu pamene unali; palibe chimene chawonongeka, mungoukweza ndi batani nokha. Makina akamagwira ntchito, pasapezeke woyenda m'kati, ngakhale mwana kapena galu, chifukwa masensa amamva kugwedezeka kulikonse.

6. Ngati majeke anu ndi amagetsi, abwezereni pa chiyambi

Bokosi lolamulira silioona miyendo. Limadziwa kutalika kwa mwendo powerenga kazunguliridwe ka mota kudzera mu kasensa ka maginito kotchedwa Hall, dzina la Edwin Hall amene anatulukira mfundo yake mu 1879. Magetsi akaduka mwendo uli pakati pa ulendo, kapena pulagi ikalowa madzi, chiwerengerocho chimasokonekera, ndipo bokosi limakana ntchito zodzichitira lokha mpaka litadziwanso pamene miyendo ili. Kuzimitsa ndi kuyatsa sikuchotsa uthenga umenewu.

Pa Ground Control 3.0 njira yake ndi iyi, kalavani ili yolumikizidwa ku pikapu: tsitsani jeke iliyonse ndi mabatani mpaka itatuluka mainchesi 6, amene ndi masentimita 15, kenaka dinani batani la RETRACT osalisiya mpaka miyendo yonse itayamba kubwerera yokha. Isiyeni ifike kumapeto. Anthu ambiri amalephera apa chifukwa amatsitsa jeke imene yatchulidwa yokha, kapena jeke imodzi imagunda pansi isanakwanitse mainchesi 6. Zikatero sunthirani pamalo ena pamene pali mpata.

Uthenga ukabwereranso pa jeke yomweyo, onani mafyuzi a pa bokosi, kenaka zulani mapulagi a jekeyo kumbali zonse ziwiri n'kuona ngati mapini ali obiriwira kapena obwerera m'kati. Tsatirani waya wake pansi pa felemu, makamaka pafupi ndi matayala pamene miyala ndi makoswe zimamuwononga. Mukasowabe vuto, lembani zizindikiro pa mapulagi n'kusinthanitsa a jeke yakumanzere ndi yakumanja pa bokosi pomwepo. Uthenga ukasamukira ku mbali ina, vuto lili mu jeke kapena mu waya wake. Ukakhala pomwepo, ndiye mungayambe kukayikira bokosi. Bwezerani mapulagi m'malo mwake musanachite china chilichonse.

7. Ngati ndi a oyilo, yambani ndi thanki

Oyilo amayezedwa majeke onse ali obwerera m'kati, pamodzi ndi zipinda zotuluka m'mbali ngati zimagwiritsa ntchito pampu yomweyo. Ayenera kulekeza pafupifupi sentimita imodzi pansi pa kamwa la thanki. Mukathira majeke ali kunja, thanki imaoneka yoperewera, mumadzaza, ndipo pobwerera oyilo yense amasefukira m'chipinda. Wofunika ndi oyilo wofiira wa giyabokosi ya otomatiki, wa mtundu wa Dexron III kapena Mercon, osati wa mabuleki kapena wa injini. Akachepa, pampu imakoka mpweya, majeke amayenda modukiza ndipo oyilo amachita thovu. Mukawonjezera, tulutsani ndi kubweza majeke onse katatu, mukupumira pakati kuti thovu lithe.

Musadabwe kuona mwendo umodzi wakutsogolo ukutsika mnzake ataima. Miyendo iwiriyi imalandira oyilo pa njira imodzi, wopepuka umayamba, ndipo ukagunda pansi winayo amatsatira. Phokoso lakuti "pha" limene limamveka usiku kukamazizira nalonso si chizindikiro cha kuthyoka. Ndi mphira wa m'kati amene wamamatira ku chitsulo n'kumasuka mwadzidzidzi, ndipo limachepa mukapukuta ndodo zonyezimirazo n'kuziwaza silicone, kapena mukachotsako oyilo wokwana lita imodzi n'kuikamo oyilo wa mafoloko a njinga yamoto wa nambala 15.

Chodetsa nkhawa ndi jeke imene ikubwerera kapena kutsika yokha. Matani tepi pa ndodo yake madzulo n'kuonanso m'mawa. Ngati yasuntha, fufuzani oyilo pansi ndi m'mapaipi pogwiritsa ntchito katoni, osati chala, chifukwa oyilo wopanikizika amaboola khungu. Pakapanda kudontha kulikonse, ndiye kuti oyilo akuzemba m'kati, mwina pa mphira wa jekeyo kapena pa valavu imene sinatsekedwe bwino. Yambani ndi valavu, pakuti nthawi zambiri pamakhala poti wina anaitsegula ndi manja n'kuiwala kuibweza.

8. Makina akanena kuti alinganiza koma chitseko chikudzitsekera chokha

Apa majeke alibe mlandu. Bokosi linaphunzitsidwa kuti kulingana ndi pamene pali popendekeka, ndipo limakubwezerani pomwepo mokhulupirika. Musanaliphunzitsenso, gwedezani ndi dzanja bokosilo ndi sensa yakumbuyo, imene imamangidwa pa chitsulo chopingasa cha felemu, chifukwa sensa yolendewera iiwalanso mawa. Mivi yolembedwa pa izo iloze kumene inalembedwera.

Lowani mu Manual Mode n'kulinganiza nokha ndi mabatani, mukugwiritsa ntchito levulo yaitali ya amisiri omanga yoikidwa pansi pakati pa kalavani, kutsogolo ndi kumbuyo kenaka m'mbali. Yesani levuloyo poitembenuza pamalo pomwepo; kathovu kakasintha malo, levulo ndiyo yabodza. Majeke onse akhale atagwira pansi. Kenaka zimitsani kabokosi ka mabatani, dinani FRONT kasanu ndi REAR kasanu pa Ground Control 3.0, kapena kakhumi kakhumi pa makina ena a Level Up. Sikirini ikalemba "Zero Point Calibration", dinani ENTER ndipo musagwedeze kanthu mpaka itatsimikiza. Izi si za chitseko chokha: firiji ya gasi ya m'makalavani imadalira madzi a amoniya oyenda motsetsereka m'mapaipi ake, ndipo ikagwira ntchito nthawi yaitali yopendekeka imawonongeka.

9. Zonse zikakanika ndipo muyenera kunyamuka

Jeke iliyonse ili ndi njira yoiyendetsera ndi manja, ndipo ndi bwino kuipeza lero masana kunyumba kusiyana ndi kuifunafuna ndi tochi mvula ikugwa. Musanafike pamenepo, yesani kulumikiza batire la pikapu ku batire la kalavani ndi zingwe zonenepa zojampira, injini ikulira. Chingwe cha mapini 7 chokha sichikwana chifukwa waya wake wotchajira ndi woonda.

Pa majeke amagetsi, zulani pulagi ya mota, chotsani kachivindikiro kamphira, ndipo zungulizani ndi sipanala ya soketi kapena drill wamba. Musagwiritse ntchito impact, chida chomenya chomasulira manati a matayala, chifukwa chimaswa magiya. Mukatero chiwerengero cha bokosi chasokonekera, choncho mukafika bwerezani sitepe 6.

Pa a oyilo, tsegulani valavu ya majeke amene mukufuna kusuntha ndi kasipanala ka Allen, ka 5/32 pa makina a Level Up, mozungulira ngati wotchi ndiponso mosakakamiza. Kumapeto kwa mota ya pampu kuli pomangira drill, nthawi zambiri pansi pa kapepala komata. Zungulizani pang'ono n'kuona kumene jeke ikulowera musanapitirize, ndipo miyendo yakutsogolo muibweze pokhapokha kingpin itakhala kale pa chimbale ndipo loko ndi wotseka. Majeke akalowa onse, bwezerani valavu iliyonse mmene inalili, imodziimodzi mukuwerenga, ndipo mukayenda makilomita ochepa imani pambali pa msewu n'kuyang'ana pansi ngati palibe mwendo umene wayamba kutsika.